Woyankhira Wodwala

Kwathu kuno wodwala sadziyankhira yekha. Mukapita kukazonda matenda mumafunsa wodwazika kuti, "Odwala adzuka bwanji?" Iye amati, "Adzukako," ngakhale munthuyo akubuula m'nyumbamo mpaka nkhuku kuthawa pakhonde. Ndi ulemu umenewo, ndipo m'mudzi wonse wa kufupi ndi Milonde panalibe amene ankaudziwa kuposa Janeti. Iye ndiye anali gadiyani wa mwamuna wake, a Jailos, kuyambira tsiku limene shuga inawagwetsa m'munda wa tiyi mpaka pamene madokotala a ku Boma anawadula mwendo wamanzere pansi pa bondo. Dokotala akafunsa a Jailos, ankayankha ndi Janeti. Abusa akafunsa, ankayankha ndi Janeti yemweyo.

A Jailos anali mkamwini pamudzipo. Kale anali munthu wodulira tiyi pa esiteti, wamtali, wa nthabwala, woimba ngakhale pamvula. Kwawo kunali kutsinde kwa phiri cha ku Muloza, koma napolo wa chaka cha namondwe chija anatsika ndi miyala n'kukokolola mudzi wonse, amayi awo ndi abale awo omwe. Mlongo wawo mmodzi yekha amene anapulumuka anamwalira ku kampu mvula yotsatira isanagwe. Kenako kunabwera za mwendozi. Mvula ikakuona litsiro sikata, ndipo a Jailos anasiya kuimba, anasiya nthabwala, n'kuyamba kumangokhala pampasa atayang'ana khoma.

Tsiku lina la sikelo ya anthu a shuga, kuchipatala chaching'ono cha m'deralo kunabwera mlangizi dzina lake Rute, mayi wolankhula mofatsa koma wa maso osaphonya kanthu. Anayang'ana a Jailos nthawi yaitali, kenako anapempha foni ya Janeti, imene mwana wawo Marjory anamutumizira kuchokera ku Limbe. Anaikamo pulogalamu yolankhula. M'menemo munali mawu a mkazi wa Chichewa chosalala cha pawailesi, amene ankaphunzitsa munthu kupuma pang'onopang'ono mtima ukathina, ndipo sabata iliyonse ankafunsa mafunso. Pansi pa funso lililonse pankatuluka nkhope zitatu: yobiriwira yosekerera, yachikasu yongoti duu, ndi yofiira yolira.

"Akadina yofiira kangapo, uthenga umandipeza ine, ndipo ndimabwera," anatero Rute. "Koma ayankhe okha eni ake, mayi. Inu yanu ndi kuwagwirira foni basi."

"Ndamva, anamwino," anatero Janeti, akumanga foniyo pamfundo ya chitenje.

Sabata yoyamba anachitadi zimene anauzidwa. Anawagwirira foni, ndipo a Jailos, amene maso awo anali atayamba kuchita chidima ndi shuga, anaiyandikitsa pamphuno n'kudina ndi chala chawo chokhakhala. Yofiira. Funso lachiwiri, yofiira. Lachitatu, yofiira. Janeti anayang'ana kumbali, mtima ukumuwawa, chifukwa zimene mwamuna wake sankamuuza iye anali kuuza kachitsulo.

Sipanapite masiku ambiri, njinga yamoto inalira pamudzi. Rute anatsika atavala kajekete ka bungwe kolembedwa kumsana ndi zilembo zazikulu, zoti ngakhale mwana wa Sitandade 2 awerenge: THANZI LA M'MAGANIZO. Ana anazungulira njingayo. Amayi amene ankapita kumjigo anaima ndi zidebe zopanda madzi, ndipo ena mwadzidzidzi anakumbukira kuti akufuna kubwereka mchere kwa Janeti. Rute anakhala ndi a Jailos m'nyumba ola lathunthu, ndipo atachoka, a Jailos anadya bwino tsiku limenelo. Koma dzuwa lisanalowe mudzi wonse unali utagamula kale kuti mkamwini uja mutu wayamba kuzungulira.

Madzulo ake a Pilato anaitanitsa Janeti. A Pilato anali amalume ake, mwini mbumba, munthu wamfupi amene ankalankhula akutokosa m'mano ngakhale asanadye nyama.

"Iwe Janeti, za mwendo tapirira," anatero. "Mkamwini wosalima tikumudyetsa, sitinatsegule pakamwa. Koma misala iyayi. Pamudzi pano pali atsikana osakwatiwa. Ndani adzafunsira mbeta pakhomo pobwera njinga ya amisala? Ikadzalirakonso njinga ija, bamboyo azipita kwawo."

"Kwawo kuti, amalume?"

"Munthu aliyense ali ndi kwawo. Sanagwe kumwamba."

Janeti anabwerera kunyumba. Ankawakonda a Jailos, tinene mosabisa, ankawakonda ngati tsiku limene anabwera kudzamufunsira atabwereka nsapato zothina. Ankadziwanso kuti munthu wa mwendo umodzi, wosaona bwino, wopanda mbale ndi mmodzi yemwe, ukamuchotsa pamudzi wamupha. Ndiye foni itaimba kanyimbo kake sabata yotsatira, sanalowe nayo m'nyumba. Anapita nayo kuseri kwa khitchini, n'kuchita zimene gadiyani aliyense wolongosoka amachita mlendo akafunsa za wodwala.

"Bambo Jailos, kodi m'sabata yapitayi mwakhala mukugona bwino?" anafunsa mayi wa m'foni uja.

Yobiriwira.

"Kodi mwakhala mukudziona ngati ndinu katundu kwa abale anu?"

Ayi. Yobiriwira.

"Zikomo, bambo Jailos. Mukuchita bwino kwambiri."

Janeti anapumira m'mwamba. Kunena zoona, sanadzione ngati wabodza. Ndani amauza mlendo za kuchipinda? Njinga sinabwerenso, a Pilato anayambiranso kuyankha moni, ndipo sabata ndi sabata nkhope yobiriwira inkasekerera kuseri kwa khitchini. A Jailos anafunsa kamodzi kokha kuti, "Mayi uja wa m'foni anasiya kundifuna?" Janeti anati netiweki ikuvuta. Iwo anangogwedeza mutu n'kutembenukiranso kukhoma.

Nyengo ya chiperoni itafika, phiri litabisala m'nkhungu ndipo kamvula kakungowaza osakata, a Jailos anasintha. M'mawa wina Janeti anawapeza atakhala pakhonde, akumeta ndevu. Tsiku lotsatira anakonza chitseko chimene chinakhala chikukwekwesa pansi chaka chonse. Anapempha kuti awachapire jekete lawo la kutchalitchi. Mpeni wawo wodulira tiyi, umene sankalola ngakhale Marjory kuukhudza, anaunola bwinobwino n'kuupereka kwa mnzawo wa ku esiteti. Wailesi anapatsa mkulu wa mpingo. Anayamba kuyenda ndi ndodo zawo zachitsulo khomo ndi khomo, kupepesa anthu amene anakangana nawo kalekale za malire a munda ndi za mbuzi, nkhani zoti eni ake anali ataiwala.

"Foni ija ndi mankhwala ndithu," anthu ankatero kumjigo. "Mwawaona a Jailos? Achira!"

Janeti ankaseka nawo, ndipo masiku ena ankakhulupirira yekha. Munthu ukanena chinthu kambirimbiri, makutu ako omwe amayamba kuvomera. Koma panali china chimene chinkamuswa thukuta ngakhale kunja kukuzizira. A Jailos ankamuyang'ana kwambiri. Akamasesa, akamatsuka mbale, akatembenuka ankapeza maso awo ali pa iye, ofatsa, ngati a munthu amene ali pawindo la basi.

Tsiku la sikelo litakwana, Rute anawalandira ndi chimwemwe. "Bambo athu awa akundinyaditsa. Masabata onsewa zobiriwira zokhazokha." Kenako anawerama pang'ono. "A Jailos, mumtimamo muli bwanji kwenikweni?"

"Ali bwino, anamwino," Janeti analumphira. "Akudya, akugona, akuyendayenda."

"Ndafunsa eni ake, mayi."

A Jailos anamwetulira. Anayang'ana mkazi wawo, kenako Rute. "Mesa foni yanu yakuuzani kale? Zimene yanenazo ndi zomwezo."

Rute anatsegula pakamwa kuti afunsenso, koma panja panali mzere wa odwala wofika mpaka pamtengo wa mango, ndipo wina anali atakomoka pabenchi. Anathamangira kumeneko. Pobwerera kumudzi, Janeti sanathe kuyang'ana mwamuna wake kumaso. Anazindikira kuti a Jailos ankadziwa zonse, ndipo sanamufunse kanthu, sanamukalipire. Akanamukalipira bwenzi mtima wake utakhalako pansi.

Lachitatu lotsatira masana, Janeti anali pakhonde akusenda nandolo. Foni inaimba kanyimbo kake. Kunja kunkawaza, a Jailos anali m'nyumba ndipo ankaoneka kuti agona, ndiye anachita ulesi kupita kuseri kwa khitchini. Anaika foniyo pambali pa lichero n'kumadina ndi chala chaching'ono, chifukwa zina zinali zomata ndi makoko. Mawu a foniyo anali okwera, poti dzulo lake ankamverapo kwaya.

"Bambo Jailos, funso lomaliza. Kodi m'sabata yapitayi munaganizapo kuti kuli bwino mutafa, kapena zodzichotsera moyo?"

Chala cha Janeti chinali chitazolowera njira. Chinadina yobiriwira mayi uja asanamalize n'komwe. Ndipo nthawi yomweyo, kuchokera m'nyumba, kuseri kwa chitseko chija chimene sichinkakwekwesanso, kunamveka mawu otsika, odekha, ngati a munthu amene akuvomera kuti amuwonjezere madzi osamba.

"Eya."

Nandolo anamwazika pansi. Janeti anathamangira m'nyumba. A Jailos anali chigonere chagada, manja pachifuwa, maso kudenga.

"Mwati chiyani, bambo a Marjory?"

"Ine? Palibe. Mwina ndimalota."

Panja foni inayamba kuimba nyimbo ina yachilendo, ya malipenga. "Tikukuyamikirani, bambo Jailos!" anatero mayi uja mosangalala. "Mwakhala bwino kwa nthawi yaitali, ndipo mwamaliza ulendo wanu ndi ife. Dzina lanu lachotsedwa pa anthu oyenderedwa kunyumba. Pitirizani kumwetulira!" Janeti atatuluka anapeza pagalasi pali maluwa akugwa ngati pa ukwati. Anadina apa, anadina apo, kufuna kubweza funso lija kuti ayankhenso, koma nkhope zitatu zija zinali zitapita. Panangotsala kachithunzi kakang'ono pakona, koimbira Rute.

Anakayang'ana kachithunziko mpaka maso kuwawa. Akakadina, Rute abwera. Rute akabwera, abwera pa njinga, ndi kajekete kake. Njinga ikalira, a Pilato amva. Janeti anaganiza nzeru ina imene inamuoneka yabwino kwambiri: mawa akaweruka ku ntchito yake yothyola tiyi ku esiteti adzayenda yekha mpaka kuchipatala, akagwade pamaso pa Rute, aulule zonse, n'kumupempha kuti abwere wapansi, atavala chitenje ngati mlendo wa mpingo. Zengerezu adalinda kwawukwawu, koma amene akuzengereza amadziona ngati wochenjera.

M'mawa kusanayere bwino anasonkhanitsa zonse zimene ankaziopa: mankhwala osungira chimanga, chingwe cha mbuzi, lumo lometera, ngakhale mipeni ya kukhitchini. Anaziponya pansi pa dengu lake la tiyi n'kuphimba ndi pulasitiki yodzitchingira mvula. A Jailos anali atadzuka kale. Anamuperekeza mpaka pakhonde, chinthu chimene sanachitepo chidulireni mwendo.

"Mayi a Marjory," anatero, "mwandisunga bwino. Palibe mkazi akanachita zimene mwachita inu."

"Zayambika liti zothokozana m'mawa?" anatero Janeti, akuyesa kuseka. "Phala lili pamoto. Ndibwera msanga."

"Muyende bwino."

Ku esiteti nkhungu inali itagona pamwamba pa tiyi, moti wothyola mzere wachitatu sankaoneka. Manja a Janeti ankathyola okha, koma mutu unali kunyumba. Mwandisunga bwino. Bwanji sanati mukundisunga? Anakumbukira mpeni, wailesi, jekete lochapidwa, maulendo opepesa aja, ndipo zonse zimene ankaziona chimodzichimodzi zinabwera pamodzi n'kumukhala pachifuwa. Dzuwa lisanafike pamutu anatula dengu pakati pa mzere. Kapitawo anamukuwira kuti akachoka asabwerenso, koma iye sanacheuke.

Anapeza pakhomo posesedwa bwino, mizere ya tsache ikuoneka. Munthu wa mwendo umodzi anasesa bwalo lonse. M'nyumba mpasa unali wopindidwa, phala lili pomwepo losakhudzidwa, mabotolo a mankhwala a shuga atandandalikidwa pawindo. Jekete panalibe. Ndodo panalibe.

Anathamangira kwa a Pilato, amene anawapeza pakhonde akuwotha mbaula.

"Amalume, bambo a Marjory mwawaona?"

"Khala pansi kaye, iwe. Bambo uja ndi munthu waulemu, ndavomera. Anabwera dzulo m'mawa iwe uli kuntchito, kudzatsanzika mwamwambo. Anagwada, ndi mwendo umodzi womwewo. Akuti watopetsa mbumba yathu mokwanira, akufuna akapume kwawo. Anapempha kuti tisakuuze, poti ungalire. Lero Luckson wa kabaza wamunyamula."

"Kwawo kwa ndani?"

"Akuti mlongo wake wamuitana."

"Mlongo wake uti, amalume?" Mawu a Janeti anakwera, ndipo sanasamale kuti akulankhula ndi mwini mbumba. "Mesa inuyo munanyamula nawo bokosi lake ku kampu kuja? Mesa munaponya nawo dothi?"

A Pilato anachotsa kamtengo m'kamwa. Anayang'ana makala. "Ndimayesa pali wina," anatero motsitsa. "Munthu akatsanzika bwinobwino, sitimufunsa zambiri. Komanso iwe wemwe umatiuza tsiku ndi tsiku kuti ali bwino."

Zimenezo zinali zoona.

Nthawi yomweyo kumsewu kunamveka kulira kwa njinga yamoto. Miyezi yonseyi phokoso limeneli ndi limene ankaliopa kuposa njoka, koma tsopano analithamangira. Sanali Rute. Anali Luckson, bambo wa kabaza wa pa Milonde, matope mpaka m'mawondo. Kumbuyo kwa njinga, pokhala munthu, anamangapo ndodo ziwiri zachitsulo ndi mphira.

"Mayi, ndimakufunani inu," anatero asanazimitse n'komwe injini. "Ine zandidabwitsa. Ndawasiya kumtunda kuja kunadutsa napolo. Kulibe nyumba kumene kuja, mayi, miyala yokhayokha, ndi mtsinje wadzaza. Akuti abale awo abwera kudzawatenga. Akhala pamwala, avula chipewa, ndiye akundipatsa izi." Anamasula mphira n'kumupatsa ndodozo. "Akuti ndikubweretsereni, mukabweze kuchipatala zikathandize ena. Ndinati nanga inu muyenda bwanji? Akuti kumene akupitako n'kufupi."

Zogwirira za ndodozo zinali zosalala, zodyeka ndi manja a a Jailos. Janeti anazikumbatira, ndipo mantha amene anamugwira anali oti sanawamvepo chibadwire.

"Mwawasiya nthawi yanji?"

"Sipanapite nthawi. Ndathamanga osaima."

"Tembenuzani njinga."

Anakwera, ndodo zili pamiyendo. Ndi dzanja limodzi anamasula mfundo ya chitenje, n'kutulutsa foni. Maluwa aja anali akugwabe pagalasi. Anadina kachithunzi ka pakona kaja, kamene kanali pomwepo dzulo, ndi dzana, ndi masabata onse aja, n'kuika foni kukhutu. Inayamba kuitana.

Njinga inatsetsereka m'matope kulowera kumjigo. Amayi anali pamenepo ndi zidebe zawo, ndipo amuna angapo ankakonza ngalande m'mbali mwa msewu. Luckson anachepetsa liwiro pa dzenje. Mayi wina wachikulire, wa mpingo wawo, anaweramuka n'kuwomba m'manja mwaulemu monga mwa masiku onse.

"Mayi a Marjory! Odwala adzuka bwanji?"

Pakamwa pa Janeti panatseguka pokha, ndipo lilime linali litanyamula kale yankho lake lakale lija. Analiluma mpaka kulawa magazi. M'khutu mwake foni inasiya kuitana, ndipo mawu a Rute anati, "Halo?"

"Sali bwino!" Janeti anakuwa, kuuza foni, kuuza mayi uja, kuuza amuna a m'ngalande ndi a Pilato amene ankabwera m'mbuyo akuthamanga chopunthwa. "Sanakhalepo bwino! Ndimayankha ndine! Siyani zidebezo, thamangirani kumtsinje!"

Zidebe zinagwa. Luckson anakoka moto, ndipo njinga inalowa m'nkhungu kulunjika kuphiri, Janeti atagwira ndodo ziwiri zija mwamphamvu kuti zisagwe, poti mwini wake akazifuna pobwerera.